Galimoto yalimba, wofewa ndi dalaivala

Anthu anzeru akapeza kandalama amagula simenti kapena fetereza. Enafe timagula zitsulo zolimbitsira galimoto ya mipando iwiri, yopanda denga lenileni, yomwe singanyamule ngakhale thumba la chimanga. Yanga ndi Eunos Roadster, dzina limene Mazda MX-5 inkadziwika nalo ku Japan. Mtunduwu unaonekera koyamba ku Chicago mu 1989, wa injini ya malita 1.6, wosalemera kufika tani imodzi. Mayi a kunyumba amati ndinagula theka la galimoto pamtengo wa galimoto yathunthu.

Matendawa ndinawatengera pa YouTube. Ku America kuli mpikisano wotchedwa autocross: amandandalika timakoni ta pulasitiki pabwalo loimikapo magalimoto, aliyense n'kumazemba timakonito payekha, kulimbana ndi wotchi. Pamalamulo a Sports Car Club of America, ukagwetsa kakoni kamodzi amakuwonjezera masekondi awiri. Ndinaona agogo aimvi akukhota ndi galimoto yonga yangayi, mtima n'kuti: nanga ine ndalakwanji?

Koma galimoto yopanda denga imapotoka. Tengani katoni ya sopo, muchotse chivindikiro, muipotoze ndi manja, muona. Denga ndilo limamanga mbali zonse pamodzi. Yangayi ndikakwera hampu chopingasa, chiwongolero chimanjenjemera, zitseko n'kumalira. Pakona chasisi ikamapindika, masipuling'i ndi mashoko sagwira bwino ntchito yawo, matayala sakanirira pansi mofanana. A Mazda eni ake anaziona: pamtundu wa 1994, wa injini ya 1.8, anawonjezera zitsulo kunsi ndi china chopingasa kumbuyo kwa mipando.

Ine ndinayambira pa chitsulo chonyezimira cha pamwamba pa injini, cholumikiza mitu ya mashoko akutsogolo. Ndinkatsegula boneti paliponse, ngakhale pamaliro, ati kuona madzi. Makaniko wanga anachisisita, n'kupukusa mutu.

"Bwana, n'chokongola ndithu. Koma iyi ndi ya double wishbone. Mphamvu ya pakona imadutsa m'mikono yogwira tayala kunsiku. Chanuchi chikuthandiza pang'ono chabe. Tabwerani mugone pansi apa."

Ndinagona, malaya oyera ali m'thupi. Mizati iwiri yoyenda kunsi kwa galimoto inali yophwanyika chifukwa cha mahampu ndi anthu oika jeke polakwika. Kutsogolo kwa tayala lakumbuyo anabayapo ndi sikuludiraiva, n'kulowa yonse mpaka chogwirira. Timabowo totulutsa madzi a padenga lansalu tinatsekeka kalekale, madzi n'kumagona m'kati, dzimbiri n'kudya chitsulo. Mabushi a labala anali ong'aluka, shoko imodzi ikudontha oilo.

"Chitsulo chatsopano tichimangirira pati, bwana? Padzimbiri?"

Basi tinayamba mwadongosolo. Wowotcherera anadula zowola n'kuika chitsulo chabwino. Tinasintha mabushi ndi mashoko. Kenako tinaveka mizati ija zitsulo zomanga ndi mabawuti, pomaliza roll bar kumbuyo kwa mipando, yomwe imalimbitsa chasisi komanso kuteteza mutu galimoto ikagubuduka. Mayi a kunyumba ataona malisiti anangofunsa modekha: "Abambo, nanga denga la khitchini lija mudzalilimbitsa liti?"

Kunena zoona, galimoto inasintha. Zitseko zinaleka kulira, ndipo ukakhotetsa chiwongolero imamva pompopompo. Ndinapita nayo pabwalo lina lopanda anthu, kundandalika zigubu zakale za mafuta ophikira m'malo mwa timakoni, mphwanga atagwira foni kuwerenga nthawi. Ndinanyamuka ndi ukali wonse. Chigubu choyamba ndinachizemba. Zotsalazo ndinazipha chimodzichimodzi, china n'kukakamira kunsi, kumakwekwereza mpaka pomaliza. Mphwanga anawonkhetsa masekondi a chilango, n'kundiuza mwaulemu kuti: "Malume, pa njinga ya kabaza mukanafika msanga."

Kale ndikalephera kona ndinkanamizira chasisi. Lero chasisi yalimba, bodza latha. Ndimaponda buleki mochedwa, maso ali pachigubu chapafupi m'malo moyang'ana kutsogolo kumene ndikupita, ndipo palibe shopu yogulitsa chitsulo chokonzera zimenezo.

Ndiye inu amene mukusunga ndalama ya chitsulo chonyezimira, yambani mwagona kunsi kwa galimoto ndi sikuludiraiva. Thanani ndi dzimbiri, mabushi, mashoko ndi matayala. Zitsulo zibwere pambuyo, ndipo musungeko ya petulo yophunzirira kukhota.