Wonyamula ng'oma wabwerako ku Scotland

Anthu akhala akundifunsa kuchigayo, kumsika ngakhalenso pamaliro kuti, "Kodi a tcheya, inu kuyimba munayamba liti kuti mpaka mukwere ndege ndi kwaya ya ana asukulu?" Funsoli lili ndi kaduka mkati, koma ndiyankha. Kuyimba sindinayambe. Ine ndikakweza mawu m'tchalitchi, amayi a Mvano amacheuka kuti aone amene wadwala. Chinandikweza ndege ndi udindo. Ndine wapampando wa komiti ya makolo pasekondale imene mwana wanga wachisamba amaphunzira, ndipo sukulu ina ya ku Scotland yomwe ili paubale ndi yathu itaitana kwaya kuti ikayimbe kumeneko, panafunika kholo limodzi loperekeza. Pamsonkhano ndinafunsa ngati alipo wotsutsa kuti kholo limenelo ndikhale ine, ndipo ndinatseka ndi pemphero anthu asanayankhe.

Ana aja ulendowu anaukhetsera thukuta. Anzawo akaweruka iwo ankatsalira papulakatisi, a sopulano akukangana ndi a alito, anyamata a besi akumeza mazira osaphika ati mawu atsike. Anagulitsa mandasi, anatsuka magalimoto, anayimba pa pepa sande m'mipingo mpaka mawu kusasa, anzathu a ku Scotland n'kuthandizapo ya ndege. Mbali yanga inali kugula suti pakaunjika ndi kufunsa a hedi za alawansi. A hedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Alawansi yanu ndi maso anuwo, a tcheya. Mukaone dziko." Kenaka anandipatsa ntchito ziwiri: kulondera anyamata usiku, ndi kusamala ng'oma yaikulu ya chikopa cha ng'ombe. Mayi a kunyumba atamva anangoti, "Bambo, mwana mmodzi yemweyu amakukanikani, nanga kwaya yonse?" Munthu ukakhala ndi viza m'thumba zina suyankha.

Pabwalo la ndege a hedi anatikumbutsa kumene ubalewu unachokera: David Livingstone kufika kunyanja yathu mu 1859, amishoni a ku Scotland kukhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, ndiponso pangano la mgwirizano limene malemu Bingu wa Mutharika anasainirana mu 2005 ndi Jack McConnell, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu ya Scotland. Ana ankalemba m'makope. Ine ndinali kalikiliki kukulunga ng'oma m'bulangete ndi kuimanga ndi linya, kwinaku ndikufotokozera aliyense wodutsa kuti ndikupita kunja pa ntchito.

Tinafika ku Edinburgh mu June, mwezi umene eni ake amati ndi nyengo yotentha. Anthu akuyenda ndi makabudula, ena atagona pakapinga kuwothera dzuwa losaoneka, ine mano akugundana m'suti ya pakaunjika ija. Wotionetsa malo atatiuza kuti Kamuzu anaphunzira zaudokotala mumzinda umenewu n'kumaliza mu 1941, komanso kuti anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndinatulukira chimene mabuku a mbiri anaiwala kulemba. Ngwazi sankasiyana ndi jekete, wesikoti ndi chipewa chija cha wilisoni chifukwa kuzizira kwa kuno kunawalowa m'mafupa ndipo sikunatulukenso.

Lamulo langa loyamba linagwa tsiku lomwelo. Ndinasonkhanitsa anyamata n'kuwauza mwamphamvu kuti kukangoda aliyense akhale ali pabedi. Anavomera mwaulemu wokayikitsa: "Tamva, a tcheya." Iwo jogalafe anaphunzira, ine ayi. Mu June dzuwa la ku Edinburgh limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, likalowanso mdima wake sukhwima, ndipo pofika 5 koloko m'mawa limakhala litatuluka kalekale. Ndinakhala pampando pakhomo kudikirira mdima kuti lamulo liyambe kugwira ntchito. Amene anandidzutsa ndi kamnyamata ka tena, katandifunditsa kale bulangete. "Pitani mukagone, bambo. Ife tonse tagona kale."

Ine ndinkayesa ulendo wa kwaya ndi kuyimba basi. Papulogalamu kuyimba kunali apo ndi apo, zambiri kunali kuyenda wapansi kuona miyala. Anthu amenewa akakukonda amakuyendetsa m'manda ndi m'nyumba zakale mpaka zidendene kutupa. Tinakwera msewu wa Royal Mile kupita ku Edinburgh Castle, linga lomangidwa pathanthwe limene kalekale linali phiri lophulika moto. Mkatimo muli katchalitchi ka St Margaret, ka zaka za m'ma 1100, nyumba yakale kuposa zonse mumzindawo, kakang'ono moti kwaya yathu inalowa mosinthana. Muli mzinga wotchedwa Mons Meg, wosulidwa mu 1449, wolemera matani 6, umene unkaponya miyala m'malo mwa zipolopolo. Ndinauyang'ana mopanda mantha, chifukwa anatitsimikizira kuti unasiya ntchito kalekale.

Chimene sanandiuze, kapena anandiuza m'Chingerezi chawo chimene JC yanga sinandikonzekeretse, n'chakuti pali mzinga wina umene sunapume. Umalira 1 koloko masana. Mwambowu unayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo pa Firth of Forth azikonza mawotchi awo, ndipo mpaka lero umalira tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Ana onse anali atakweza mafoni m'mwamba kudikirira, ine n'kumayesa akujambula mitambo. Utalira, munthu amene makolo anamutuma kukateteza ana anapezeka ali chafufumimba kuseri kwa benchi, akuitana mayi ake omwe anatsikira kuli chete zaka zapitazo. Nditadzuka ndinafotokoza kuti ndimafuna ndalama yanga imene inagwa. Vidiyo inafika pa WhatsApp ya makolo ine ndisanasase fumbi m'mawondo.

Ine ndine wa CCAP wobadwiramo, choncho nditamva kuti tikupita ku St Giles, tchalitchi chimene John Knox ankalalikiramo, ndinamanga mabatani a jekete. Knox ndiye anatsogolera kusintha kwa mpingo ku Scotland mu 1560, ndipo chipembedzo chimene amishoni anabwera nacho ku Blantyre ndi ku Livingstonia mizu yake ili pamenepo. Ndinapempha kuti andionetse manda ake, m'maganizo mwanga muli chiliza chachitali, nkhata zamaluwa, mwinanso mlonda. Wotionetsa malo uja anatitulutsa panja, kuseri kwa tchalitchi, pamalo oimikapo magalimoto, n'kuloza nambala 23. Knox, amene anamwalira mu 1572, amati wagona pamenepo, ndipo tsikulo pamwamba pake panali galimoto ya munthu. Ndinavulira chipewa tayala lakumbuyo.

Kuchoka apo, kamtunda kochepa, tinapeza khamu la anthu likujambulitsa pa chiboliboli cha galu. Galu weniweni wa miyendo inayi, dzina lake Greyfriars Bobby, amene amati anakhala pamanda a mbuye wake zaka 14 mpaka naye anafa mu 1872. Mphuno yake inachita kuwala chifukwa chosisitidwa ndi alendo. M'busa pansi pa galimoto, galu pamwamba pa chipilala. Nkhani imeneyi abusa athu sindinawauze, ndikuopa kuwafooketsa pa utumiki.

Tsiku la konsati yaikulu, m'tchalitchi china cha anzathu aja, ndi pamene udindo wanga weniweni unakwana. Nditamasula ng'oma m'bulangete, mnyamata woiyimba anaigogoda, iyo n'kungoti phwa. Chikopa chinali chitalefuka ndi chinyezi. Aliyense wokulira kumudzi mankhwala ake amawadziwa: ng'oma imawambidwa pamoto. Ndinatola manyuzipepala akale ndi timitengo n'kupita pakakhonde ka kuseri. Machesi ndinali nawo, munthu wamkulu sayenda chimanjamanja. Gogo wina wosamalira tchalitchicho anandipeza nditagwada, tsaya litatupa ndi kuuzira. Sindinadziwe kuti munthu wa msinkhu umenewo angathamange choncho. Mawu ake ambiri anandipita, koma ozimitsa moto ndi apolisi ndinawamvamo bwinobwino. Atsikana a alito, osanena kanthu, anatulutsa makina owumitsira tsitsi m'chikwama n'kuyamba kupemerera chikopa. Pasanapite nthawi ng'oma inayankhula mawu ake akwathu. Ine ndinathandiza kugwirizira waya.

Ndiye ana anayamba. Apa nthabwala ndiziika pambali pang'ono, chifukwa ana aja anayimba, abale. Mtsikana mmodzi kutsogolera, ena onse kuvomera, mapazi kuponda pamodzi, visekese kulira, besi kubwera chapansipansi mpaka mabenchi kunjenjemera. Ndakhala ndikuwamva pulakatisi kuchokera panja pa kalasi ndikudikirira a hedi, koma sindinkadziwa kuti ali ndi zimenezi m'zifuwa. Thupi lonse tsembwe.

Nditacheuka kuti ndione eni mudzi, mtima unagwa. Anthu ali duu, manja pamiyendo. Palibe nthungululu, palibe woimirira, palibe ndi mmodzi yemwe wopita kutsogolo kukafupa. Ndinati ana a eni achita manyazi kudziko la eni ine ndilipo? Nyimbo ili mkati ndinanyamuka, ndikuvina pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, makwacha ali m'manja, n'kukamata imodzi pamphumi pa mwana wanga. Iye, osaphonya kiyi, anandiyang'ana ndi diso la mayi ake. Ndinabwerera pampando osavinanso. Madamu oyang'anira kwaya anandinong'oneza kuti kuno anthu amamvetsera kaye mpaka nyimbo ithe. Zoonadi, ana atamaliza tchalitchi chonse chinaimirira, kuwomba m'manja kosatha, agogo ena akupukuta misozi. Bambo wina wokalamba amene anaphunzitsako ku Malawi ali mnyamata anandipatsa moni m'Chichewa chabwino, n'kundifunsa ngati gawo langa lija linali papulogalamu.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi pamene makwaya awiriwa anasakanikirana. Ana a kumeneko nyimbo amaiwerenga papepala, athu amaigwira ndi khutu, madamu akangowaimbira do re mi imene amishoni omwewo anatisiyira. Athu anagwira nyimbo ya anzawo ataimva kangapo. Awo nyimbo yathu anaigwiranso, koma kuyimba ndi kuponda nthawi imodzi kunawasokoneza, mwendo ukapita kumanja mawu amathawa. Anaphunzitsana mpaka zinatheka, popanda tcheya, popanda komiti. Madzulo anatilandira ndi mwamuna wandevu atavala siketi yawo ija ya kilt, akuliza zitoliro za thumba zolira ngati mbuzi yomangidwa pakeliyala ya njinga popita kumsika. Anatipatsa haggis, n'kutifotokozera mwamantha kuti ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, akuyembekeza kuti tithawa. Ine ndinangofunsa kuti nsima yake ili kuti.

Kumene ndinkadikirira ndi mtima wonse ndi ku Blantyre ya ku Scotland, komwe ana anakonza zokayimba panyumba imene Livingstone anabadwira. Tinakwera sitima ku Glasgow, ulendo wosakwana theka la ola, ine nditakonzeka kukaona mzinda umene unapatsa wathu dzina. Ndinapeza katauni kachete m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Kulibe Limbe, kulibe Ndirande, kulibe ngakhale woitanira minibasi. Ndinayenda motukula mapewa koyamba chifikireni.

Nyumbayo imatchedwa Shuttle Row, yosanjikiza, ndipo munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito m'fakitale ya thonje, banja lonse m'chipinda chimodzi. Livingstone anabadwiramo pa 19 March 1813. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitalemo, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupitanso kusukulu maola awiri. Ndinaona kuti mpata wolangiza wapezeka. "Mwamva, ana inu? Mnzanu pa zaka 10! Inu kusesa kalasi kokha mumachita kudandaula." Mwana wanga anafunsa mofatsa, pamaso pa anthu, "Nanga inu adadi, muli ndi zaka 10 munkatani?" Ndinkakumba mbewa, koma ndinasankha kuwaonetsa chiboliboli chimene chili panja, cha mkango umene unamuphwanya Livingstone mkono wamanzere mu 1844.

Nyumbayo imafotokozanso za anthu akuda amene ankayenda naye, ndipo pamenepo ndinapeza anzanga onyamula katundu. Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ku Zambia, anthu ake motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, thupi n'kuliumitsa, n'kulinyamula mtunda woposa mamailosi 1,000 mpaka ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuchoka apo linapita pachombo n'kukaikidwa ku Westminster Abbey mu April 1874. Chuma anali Myao amene anapulumutsidwa kwa ogula akapolo mu 1861 ali kamnyamata. Ndinauza ana kuti ntchito yonyamula ili ndi ulemu wake, ndipo ine ndi Chuma tili m'gulu limodzi. Anyamata a besi anangoyang'anizana. Ng'oma inali pamapewa pawo kuchokera pasiteshoni, ine nditadandaula msana.

Titabwerera, lipoti kwa makolo anapereka ndi madamu, chifukwa ine ndikangoimirira anthu ankatsegula mafoni. Chomwe anagwirizana n'chakuti ana a ku Scotland aja abwera chaka chamawa kudzayimba kuno, ndipo tidzawaonetsa St Michael and All Angels, phiri la Mulanje ndi nyanja. Pakufunika makolo oti adzawasunge m'makomo. Dzina langa ndalembetsa kale, mayi a kunyumba sindinawauze. Amene muli ndi matiresi abwino, neti ndi mbale zosabenthuka zobwereketsa, mundipeze kunyumba madzulo, koma mugogode pawindo la kuseri.