Za Nthumwi, Envelopu ndi Kudutsa Moyera

Munthu wofuna kuimira chipani chake pa mpando wa pulezidenti safunika kuyamba wakondedwa ndi dziko lonse, koma ndi kagulu kotchedwa nthumwi, ndiko kuti akuluakulu a m'makomiti a chipani m'zigawo, m'maboma ndi m'madera, amene amaponya voti pa msonkhano waukulu umene anthu amangouti konvenshoni. Wolemba nkhani ino wafufuza za kaguluka kwa zaka zambiri ataima kunja kwa mpanda wa holo, popeza udindo waukulu umene anaugwirapo pa ndale ndi wonyamula mabenchi msonkhano ukatha.

Kafukufukuyu wasonyeza kuti konvenshoni ikayandikira, nthumwi imene chaka chonse sinkayankhidwa ngakhale moni imayamba kuimbiridwa foni usiku ndi eni magalimoto akuluakulu, omwe amafunsa mwachifundo za mwendo wa apongozi, kenako n'kusiya envelopu "ya transipoti", mawu amene tanthauzo lake ndi ndalama zolipirira ulendo umene unalipiridwa kale. Nthumwi yodziwa ntchito imalandira kwa onse ndi manja awiri, imalumbira kwa onse, ndipo pa bokosi la voti imatsala yokha ndi Mulungu wake. Wolembayu amadzudzula khalidweli kwambiri, makamaka poona kuti nambala yake ya foni sanaisinthepo koma palibe amene waimba.

Nthawi zina mpikisano umakhaladi weniweni, monga mu 2013 pamene nthumwi za MCP zinasankha a Lazarus Chakwera atangotula utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God, kapena mu Novembala 2024 ku Mzuzu, kumene a Dalitso Kabambe, omwe anakhalapo gavanala wa Reserve Bank, anatenga utsogoleri wa UTM. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho a Chakwera ku BICC ndi a Peter Mutharika ku Comesa Hall anadutsa moyera, kumene kuli kupambana popanda wopikisana naye, chinthu chimene chimasautsa nthumwi chifukwa mpando wopanda mkangano subala envelopu. Njira ina ndi ya a Kondwani Nankhumwa, amene atachotsedwa mu DPP mu Januwale 2024 anakayambitsa chipani chawo cha PDP, ndipo ubwino wa njirayi ndi woti mwini chipani savutika kudziwa amene adzachiimire.

Njira yomalizayi ndiyo inakopa wolembayu, moti anaitanitsa konvenshoni pakhonde pake, nthumwi zake zili zitatu, mayi wa kunyumba ndi ana awiri, ndipo anagawiratu zitumbuwa monga mwa mwambo. Ana analandira ndi manja awiri, nalumbira, koma powerenga mavoti kunapezeka kuti onse apita kwa mayi awo, omwe sanachite kampeni iliyonse kupatula kukumbutsa msonkhanowo amene amasunga kiyi wa kabati ya shuga. Mabenchi wolembayu anawabweza yekha kwa aneba dzuwa litalowa.