Kondaine wa azungu amafuna filiji

Pa mafoni athu pakuyenda uthenga woti chikondi chili ndi homoni yakeyake, dzina lake oxytocin. Akuti mukawakumbatira amayi a kunyumba kwa kamphindi, ubongo umaitsanulira m'magazi, mkangano wa ndalama ya ndiwo n'kuthera pomwepo. Ine ndili m'gulu la amuna amene uthenga wotere umatikomera kwambiri, poti kukumbatira n'kwaulere pomwe ndiwo pamsika wa Nchalo n'zogula. Sayansi yanga inathera Fomu 2, komwenso inkayenda chotsimphina, komabe ndikuumirira kuti ife a kuchigwa kuno tisapusitsidwe. Oxytocin si kondaine wa azungu. Ntchito yake yotsimikizika ili m'chipinda chochirira amayi, ndipo mdani wake wamkulu ndi dzuwa lomweli la Chikwawa ndi Nsanje.

Amene anayamba kuitulukira sankafuna zachikondi n'komwe. Mu 1906 Henry Dale wa ku England anaona kuti timadzi tochokera m'kachiwalo kena pansi pa ubongo timachititsa chiberekero kufinyika. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku America anakwanitsa kuipanga mu labotale, ndipo mu 1955 analandira mphoto ya Nobel. Homoniyi ndi imene imalimbitsa ululu wa kubereka kuti mwana atuluke, ndiyo imatsitsa mkaka khanda likayamba kuyamwa, ndiponso mwana akabadwa imafinya chiberekero kuti mitsempha yotseguka itsekeke. Chiberekero chikachita ulesi pa nthawi imeneyi, mayi amataya magazi ambiri m'kanthawi kochepa, ndipo kutaya magazi kotereku ndi kumene kumapha amayi ambiri pobereka padziko lonse. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati mayi aliyense abayidwe jakisoni wa oxytocin wa mayunitsi 10 mwana akangobadwa. Nanga pa zonsezi ife abambo timakhala kuti? Panja, pansi pa mtengo wa nimu, tikudikira kufunsa ngati mwanayo watenga mphuno yathu.

Ophunzira andiuza kuti ndikuderera kafukufuku, ndipo kafukufukuyo alipodi. Mu 2005 ku Zurich anapopera oxytocin m'mphuno mwa anyamata, n'kupeza kuti pamasewero a ndalama ankakhulupirira anzawo msanga kuposa amene sanalandire. Zikanakhala zophweka choncho, ine ndikanakhala woyamba kugula kabotolo, ndipo amayi a banki m'khonde bwenzi akundibwereka osafunsa za ngongole ya chaka chatha. Tsoka lake, ena atabwereza kafukufukuyu ndi anthu ochulukirapo, zotsatira zomwe anatulutsa mu 2020 sizinaonetse mphamvu yosangalatsa ija. Ku Amsterdam nako Carsten De Dreu anapeza kuti homoniyi imapangitsa munthu kukondera a gulu lake, osati aliyense. Ngati zili choncho, sitikusowa kupopera kanthu, chifukwa zokondera wakwathu tinazidziwa kale, makamaka mndandanda wa olandira ufa wa chithandizo ukamalembedwa.

Umboni umene akatswiri ankaudalira kwambiri unali wa mbewa zina za ku America zimene zimakhala yaimuna imodzi ndi yaikazi imodzi. Kwa zaka zambiri ankati chinsinsi chake ndi oxytocin. Koma mu 2023 ofufuza a ku California analera mbewa zimene thupi lake silingamve homoniyi, ndipo zinakwatiranabe, n'kubereka, n'kulera ana. Nkhani imeneyi ndi yowawa kwa ife amene tinkafuna ponamizira. Ngati mbewa ikusunga banja popanda mphamvu ya homoniyi, bambo wa ndevu zake adzati chasowa m'magazi mwake n'chiyani? Sindikukana kuti oxytocin imathandiza mayi ndi khanda kuzolowerana, kapena kuti imakwera anthu akakhudzana mwachikondi. Ndikungoti imagwira ntchito limodzi ndi zinthu zina zambiri, ndipo kuchoka pamenepo mpaka kufika poti imalipira lobola kapena kukhululukitsa wobwera mbandakucha, mtunda wake ndi wautali ndithu.

Tsopano tibwere kwathu. Jakisoni wa oxytocin amayenera kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Ku Ngabu ndi ku Bangula, Okutobala ndi Novembala akafika, kutentha kumapitirira madigiri 40, nyengo imene ngakhale mbuzi imakana kuchoka pamthunzi. Mankhwalawa akakhalitsa potentha mphamvu imachepa, koma choopsa n'chakuti maonekedwe sasintha. Mkaka ukasasa mphuno imakuuza, koma kabotolo aka kamangooneka koyera bwinobwino. Namwino amabaya ndi mtima wonse, mayi n'kumatayabe magazi, ndipo ife a pansi pa nimu, amene sitichedwa kuweruza, timayamba kuloza zala azakhali ena okalamba a kumudzi. Filiji imafuna magetsi, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lomwelino la Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadula misewu, ndipo madzi akasefukira madera ngati Makhanga amasanduka chilumba. Mankhwala ochokera ku Blantyre ayenera kutsika mapiri onse aja mpaka pa Thabwa, n'kufika kwa mayi wa ku East Bank asanafundepo.

Ena ati agogo athu anabereka ana khumikhumi filiji asanaione. N'zoona, chifukwa thupi la mayi limapanga lokha oxytocin ndipo nthawi zambiri imakwanira. Vuto n'lakuti palibe amene angalosere motsimikiza mayi amene chiberekero chake chidzafooke, ndipo agogo amene zinawavuta sali nafe kuti apereke umboni wawo. Ena ati tili ndi mwanamphepo, mankhwala achikuda ofulumizitsa kubereka. Amenewo alibe muyezo, ndipo chiberekero chikakakamizidwa mopitirira chimatha kung'ambika. Oxytocin yeniyeniyo imatha kuchita zomwezo ikachuluka mwana asanabadwe, n'chifukwa chake ikaikidwa mu diripi namwino amawerenga madontho. Onena kuti filiji n'zodula aiwala kuti zipatala zambiri zili kale ndi filiji za katemera, zina zoyendera dzuwa, ndipo WHO ndi UNICEF anavomereza kuti oxytocin ikhoza kusungidwa mmenemo ikalembedwa bwino. Kulinso mapiritsi a misoprostol osafuna kuzizira, komanso carbetocin wopirira kutentha, amene mu 2018 atayesedwa pa amayi pafupifupi 30,000 m'mayiko 10 anaoneka kuti amateteza kutaya magazi mofanana ndi oxytocin. Njira zilipo; chosowa ndi anthu ovutitsa pofunsa.

Ndipo luso lofufuza za kuzizira ife abambo tili nalo kale. Kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Marka, timadziwa bala iliyonse imene filiji yake ikugwira bwino, ndipo botolo likabwera lofunda timalibweza ndi ukali wa munthu wolakwiridwa. Ukali womwewo tipite nawo ku komiti ya chipatala cha m'dera lathu ndi kwa aphungu akabwera kudzapempha mavoti. Abambo anzanga, mukaperekeza amayi ku sikelo mwezi uno, lowani m'kati, muwapatse moni anamwino mwaulemu, kenako muwafunse kuti jakisoni wa amayi ochira amasungidwa pati magetsi akazima.