Ulemu kwa a Chimbuuzi

Anthu amatamanda kamera, amatamanda lenzi, ena mpaka amatamanda chikwama chonyamulira zonsezo. Koma sindinaonepo munthu atavula chipewa pagulu n'kuthokoza a Chimbuuzi, mkulu uja amene amatenga nkhope ya mkwati n'kuisandutsa chifunga cha m'mamawa. Ndiye lero ndaimirira ine.

Tinadziwana pa chinkhoswe cha msuweni wanga, nditangogula kamera yakale kwa mnzanga. Tsiku lonse ndinali khethekhethe, kugwada uku, kukwera pampando uko, achibale akundipatsa njira ngati mtolankhani. Madzulo nditatsegula zithunzizo pa kompyuta, ndinapeza mtengo wa mango wakuseri kwa nyumba ukuoneka tsamba ndi tsamba. Tambala amene ankadutsa anatuluka ndi lipombo lake lonse. Koma ankhoswe, eni mwambo, anali mbuu. Kamera ukaisiya kuti isankhe yokha poyang'ana, imathamangira chinthu chapafupi kapena cha mizere yooneka bwino, ndipo a Chimbuuzi amatsala ndi anthu olemekezeka. Kodi alipo woweruza wina wopanda tsankho chotere, wokweza tambala n'kutsitsa nkhoswe?

Kudzichepetsa kwawo n'kosowa. Sasankha khomo. Ukajambula m'tchalitchi mopanda kuwala, shata n'kutsika kufika pa 1/15 ya sekondi, amalowera m'manja mwako mukunjenjemeramo. Akatswiri amati ndi lenzi ya 50mm usatsike pansi pa 1/50, koma wophunzira amakumbukira lamulolo m'busa atamaliza kale kudalitsa mphete. Ukatsegula diso la lenzi mpaka f/1.8 kuti uoneke wodziwa, amakusiyira nsonga ya mphuno yokha ili yakuthwa, maso ndi makutu zitasungunuka ngati majarini padzuwa.

Musawayese mlendo wa dzulo. Mu 1838, Louis Daguerre atajambula msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, kamera inakhala chitsegulire kwa mphindi zingapo, ndipo a Chimbuuzi anameza ngolo ndi onse oyenda pamsewupo. Anasiya bambo wina amene anaima phee akupukutitsa nsapato, kutiphunzitsa kuti mbiri imakumbukira woleza mtima. Julia Margaret Cameron analandira kamera mu 1863 ali ndi zaka 48, ndipo akatswiri a nthawiyo ankanyoza zithunzi zake kuti n'zosalunjika bwino. Lero zili m'nyumba zosungiramo zinthu zamtengo wapatali ku London. Pa 6 June 1944, Robert Capa anatsika ndi asilikali pagombe la Omaha ku Normandy, ndipo zithunzi zochepa zimene zilipo za m'mawa umenewo n'zogwedezeka. Dziko silinadandaule, linangoti nkhondo imaoneka choncho. Ngakhale kumwamba anafikako. Makina oonera nyenyezi a Hubble atatumizidwa mu 1990, zithunzi zake zinabwera zachimbuuzi chifukwa galasi lake linasulidwa molakwika pang'ono, mpaka mu December 1993 anthu anachita kukwera kukaliveka mandala. Ngati akatswiri a NASA anagonja zaka zitatu, ine wa pa chinkhoswe ndine yani?

Komabe ndinayesa kuwathamangitsa. Photoshop, imene abale awiri Thomas ndi John Knoll anapanga n'kutuluka mu 1990, inandikanika mtengo, choncho ndinatsitsa GIMP yaulere n'kugona nayo mausiku atatu. Ndinapeza pamene amanolera chithunzi, ndipo ndinakoka kachingweko mpaka kumapeto. Nkhope ya mkwatibwi sinabwerere. M'malo mwake inazunguliridwa ndi mzere woyera ngati woyera mtima wa pakalendala, khungu litachita timiyalamiyala ngati khoma lopaka mchenga. Kunola kumeneku kumangowonjezera kusiyana kwa kuwala ndi mdima m'mphepete mwa zinthu; chimene lenzi sinagwire sichingachokere mu kompyuta. Madzi akatayika saoleka, ndipo a Chimbuuzi amaphunzitsa mwambi umenewu osalipiritsa fizi.

Chondiseketsa n'chakuti owanyoza masana ndi omwewo amawaitana usiku. Wojambula akafuna kubisa ziphuphu za kasitomala, amatsegula pulogalamu n'kupaka chimbuuzi pamasaya. Akafuna kubisa mulu wa zinyalala kuseri kwa mkwati, amagula lenzi yodula kuti kumbuyoko kusungunuke, n'kumatchula zimenezo ndi dzina la Chijapani loti bokeh. Mafoni a masiku ano amachita kupeka chimbuuzi chabodza, nthawi zina n'kudya nacho khutu la mwini foni. Anthu akulipira ndalama zambiri kugula chimene ine ndimapanga mwaulere, kungoti changa chimagwera malo olakwika.

Patapita sabata ndinapita kwa azakhali, mayi a mkwatibwi, mutu uli pansi, kukapepesa. Anavala mandala, n'kumadutsa zithunzizo chimodzichimodzi osayankhula. Atafika pa china chimene iwo ankavina, chitenje chili ngati utsi, nkhope yopanda khwinya ndi limodzi lomwe, anaima nthawi yaitali.

"Mwanangu," anatero, "ichi ukanditsukire chachikulu. Wandibwezera utsikana."

Chili pakhoma pabalaza pawo mpaka lero. Alendo akafunsa kuti anajambula ndani, amatchula ine, ndipo ndimavomera mopanda manyazi. Pepani a Chimbuuzi, ntchito munagwira ndinu.