Alamu Akufuna Pawindo

Ife Amalawi a ku Ga-Rankuwa tinazolowera basi. Masiku awiri pamsewu, pamzere ku Beitbridge mpaka tambala kulira, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, n'kufika pa Mwanza miyendo itatupa. Ndiye wina akangogula tikiti ya ndege, mbiri imachoka Zone 1 kukafika Zone 16 mwiniwake asanalongedze n'komwe.

Disembala uno mwayi unagwera alamu anga, aja amagwira ntchito kumafakitale a ku Rosslyn. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, akuluakulu anawazinga kuti aweruze nkhani ya mpando. Pagulu lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondapo m'ndege, koma nzeru zinali zosefukira.

"Alamu, tengani A," anatero mkulu wa mpingo. "Ndege ikulowera kumpoto, dzuwa la m'mawa likhala kudzanja lamanja. Mukakhala pa F muzingotsinzina mpaka ku Chileka."

"Iyayi abambo, Mulanje ali kum'mawa," anatsutsa wina. "Munthu angalipire ndalama zonsezi osaona Sapitwa? Mamita 3,002 amene aja!"

Mayi wina anangochenjeza kuti apewe pakati pa ndege, poti mwana wa abwana awo anakhala pamenepo n'kuonerera phiko ulendo wonse.

Anthu omwewa muwaone m'takisi yopita ku Bloed Street. Mpando wakutsogolo amauthawa, chifukwa wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndalama za anthu onse n'kubweza chenji, masamu akavuta takisi yonse n'kumuyang'ana. Amakanganirana pawindo, akapapeza n'kutseka ndithu kuti angadwale chimfine, kunja kukuwotcha. Mapiri a Magaliesberg amawadutsa m'mawa ndi madzulo, sindinamvepo wina akuti taonani kukongola.

Za Mulanje zija n'zongonamizira. Chimene alamu ankafuna n'chithunzi cha pa WhatsApp. Kumudzi tikiti saikhulupirira, amati mwina n'ya mnzako. Umboni ndi mtambo uli pansi pako.

Tsikulo anavala jekete, anakwera Gautrain ku Pretoria, anasintha pa Marlboro, n'kufika ku OR Tambo kudakali maola anayi. Atalowa m'ndege anapeza pampando wawo pali agogo ena aakazi, atamanga kale lamba, chikwama pamiyendo.

"Pepanitu agogo, kapena mwasokoneza nambala. Apa ndi panga."

"Mwanawe, kodi tonse sitikupita kumodzi?"

Alamu analeredwa bwino. Anakhala pakati. Ndege itangonyamuka, agogo aja anati kuwala kukuwapweteka m'maso, anatsitsa chotchingira windo n'kugona. Limpopo anadutsa pansi, Zambezi nayenso anadutsa, alamu akuwerenga kapepala kofotokoza zochita ndege ikagwera m'madzi. Ulendo wa maola awiri ndi pang'ono suchedwa. Atamva kuti ayamba kutsika, anatambasula mkono mwakachetechete, anakweza chotchingira chija pang'ono n'kujambula msangamsanga. Kunja kunali mitambo ya dzinja yokhayokha, Mulanje osaoneka ngakhale mthunzi.

Chithunzicho anachiikabe, ndi mawu othokoza Mulungu pansi pake. Chinaonetsa kansonga ka phiko, kuyera kwa mitambo, ndi theka la duku lamaluwa litatsamira paphewa lawo.

Asanatenge n'katundu yemwe, foni inalira. Anali achemwali anga ku Thyolo.

"Mwafika bwino, bambo a ana? Nanga duku limene lakutsamiranilo n'la ndani?"