Palibe Chimene Chisinthe, Anatero Mwini Watsopano

Ife a m'boma la Moatize tili ndi luso limodzi limene sitinalipirire fizi, luso lozolowera kugulidwa. Umagona kampani ili ndi dzina lake, kukacha chikwangwani chapakidwa penti ina, yunifolomu ya alonda yasintha mtundu, ndipo bwana watsopano waima kutsogolo akumwetulira mano onse pamtunda kuti, "Musade nkhawa, palibe chimene chisinthe." Ine ndikamva mawu amenewa dzanja limathamangira lokha m'thumba kukaona ngati chikwama chilipo.

Tawerengani nokha. Mgodi wa malasha wa Benga unali wa Riversdale ya ku Australia. Mu 2011 Rio Tinto inagula kampaniyo ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni, ndipo mu 2014 inagulitsa migodiyo kwa ICVL ya ku India pamtengo wa madola 50 miliyoni. Ndikanachita ine malonda otere, apongozi akanandiikira katundu panja tsiku lomwelo. Vale ya ku Brazil inayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, inakonza njanji ya makilomita 912 yodutsa ku Malawi mpaka ku Nacala, tonse n'kumati awa ndiye abwera kudzakhala. Mu 2021 inatenga gawo la anzake a Mitsui mumgodimo ndi dola imodzi yokha, ngakhale kuti ngongole za njanji inasenza yokha. Pofika December chaka chomwecho inali itagwirizana ndi Vulcan, ya banja la a Jindal a ku India, kuti itenge mgodi ndi njanji yomwe pamtengo wa madola 270 miliyoni. Mu April 2022 makiyi anasintha manja.

Ngakhale foni zatiphunzitsa. Kuno ku Zóbuè foni imagwira netiweki ya ku Mwanza ikafuna, ndiye tinaona Celtel ikusanduka Zain, Zain ikusanduka Airtel mu 2010, munthu nambala ili yomweyo. Kwathu kuno ku Mozambique mcel inaphatikana ndi TDM n'kubadwa Tmcel. Choncho ndinkadziyesa katswiri pa nkhani za eni atsopano, mpaka tsiku limene mwana wa mlongo wanga, uja akuphunzira za makompyuta ku Tete, anatsika minibasi ya chapa n'kulowa m'kabanka kanga.

Kabankako kali pafupi ndi pamene mathiraki amandandana podikira mapepala. Ndimafotokopa mapasipoti, ndimataipa makalata, ndipo ndimaika nyimbo m'mamemori khadi. Chuma changa chonse ndi kompyuta imodzi yachikale, imene ikamayaka imayamba yatsokomola. Ndimaipukuta m'mawa uliwonse ndi nsalu yake yapadera, ndipo mayi a kunyumba amati akanakhala kompyuta bwenzi akusamalidwa.

Mnyamatayo atayang'ana sikirini anagwira pakamwa. "Amalume, mukadali pa Windows 7?"

"Iwe, imeneyo ndi nambala yabwino. Masiku a sabata ndi angati?"

"Amalume, eni ake anasiya kuisamalira pa 14 January 2020."

Ndinamufunsa kuti amaisamalira bwanji ali ku America, pamene wopukuta fumbi ndine. Apa ndi pamene anandikhazika pansi. Akuti mu kompyuta muli sistema, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, ndipo sistemayo imakhala ndi ming'alu imene ngakhale oipanga saiona poyamba. Akuba a pa intaneti ntchito yawo ndi kufufuza ming'aluyo. Akaipeza, eni sistema amatumiza zigamba zomatira, zija zimakuvutitsa kuti usazimitse kompyuta magetsi ali pafupi kuthima. Tsiku limene alengeza kuti thandizo latha, kompyuta siifa ayi. Imayaka bwinobwino, kungoti ming'alu yatsopano palibenso woimata, ndipo pang'onopang'ono mapulogalamu atsopano amayamba kuikana. Tsono taganizani kompyuta yanga, imene tsiku lililonse imalandira mafulashi a madalaivala ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Lilongwe, lililonse litanyamula mavairasi a kwawo. Ndinazindikira kuti ndakhala wamasiye kuyambira 2020 koma osadziwa kuti maliro anachitika.

Anzanga a Windows 10 musaseke, tsiku lanu linali 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale Windows 11 imawakana.

Komabe eni Windows anachenjeza anthu kukadali zaka. Zoopsa zenizeni, anatero mnyamatayo, zimabwera kampani ikagulidwa. Anandiuza za CentOS, sistema yaulere ya mtundu wa Linux imene makampani ndi masukulu aukachenjede ambiri padziko ankayendetsera makompyuta awo akuluakulu. Inali pansi pa Red Hat. Mu July 2019 IBM inamaliza kugula Red Hat ndi madola 34 biliyoni, ndipo uthenga unali womwewo timaudziwa ku Moatize, woti Red Hat ipitiriza kudziyendetsa yokha. Chaka chomwecho kunatuluka CentOS 8, imene anthu ankadziwa kuti isamalidwa mpaka 2029. Anaiika m'makina awo n'kugona tulo. Mu December 2020 kunamveka kuti thandizo litha pa 31 December 2021. Zaka khumi zinafota n'kutsala ziwiri ndi miyezi pang'ono, ndipo ambiri analoza chala IBM.

Anawonjeza za foni. Nokia inataya sistema ya Symbian mu 2011 n'kusankha Windows Phone, kenako mu 2014 Microsoft inagula gawo la mafoni la Nokia ndi madola pafupifupi 7 biliyoni. Ogula mafoni a Nokia Lumia ankati tsopano tili m'manja mwa olemera. Kumapeto kwa 2019 thandizo linatha, WhatsApp nayo inatsanzika, ndipo mafoni okongola aja anatsala ndi ntchito younikira usiku.

Nkhani yonseyi kwathu ili ndi dzina, ndi chokolo. Wolowa chokolo amaima pamaso pa ankhoswe n'kulumbira kuti ana onse ndi ake. Mwina amanena zoona tsiku limenelo. Koma chimene anadzera ndi munda wa kudimba ndi nyumba yamalata, ndipo akabereka akeake, ana a malemu amayamba kumva kuti nsapato zakwera mtengo.

Ndinakwiya kwambiri m'malo mwa anthu a CentOS, amene sindinawaonepo. Madzulo ndinalalikira pakhonde za umbombo wa azungu a makompyuta, mpaka nsima inazizira. Mayi a kunyumba anandisiya nditope, kenako anafunsa mofatsa.

"Inu bambo a ana, kodi kabanka kaja munamanga nokha?"

Sindinamange ndekha. Ndinagula kwa mkulu wina amene anapita ku Joni kukasaka ganyu. Mkuluyo anali ndi lonjezo lodziwika Zóbuè yense, lakuti ukaikitsa nyimbo kwa iye, khadi likafufutika amakuikiranso ulere mpaka kalekale. Makalata a agogo opempha ichi ndi icho kuboma ankawasunga mu kompyuta, ofuna kope lina ankangolipira pepala. N'chifukwa chake anthu ankadzaza pakhomopo, n'chifukwa chakenso ine ndinagula. Tsiku loyamba ndinavala jekete, ndinagula zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ndinauza makasitomala mawu asanu amene ndikuchita manyazi kuwalemba: musadandaule, palibe chimene chisinthe pano.

Ndinkanena zoona, Mulungu ndi mboni. Kungoti nditakhala pansi ndi kope la ndalama ndinaona kuti theka la tsiku ndikugwirira anthu amene ndalama zawo anadya ndi wa ku Joni uja. Magetsi ndikugula ine, inki ndikugula ine, iye ali phee kumeneko. Ndiye ndinayamba kukonza zinthu mwaulemu. Poyamba ndinati zaulere zizichitika Lachiwiri lokha, pofuna kutumikira bwino makasitomala. Kenako ndinati zaulere ndi nyimbo za kwaya zokha, chifukwa ndine munthu wopemphera. Pambuyo pake kwaya nayo inakhala ya mpingo wathu wokha. Agogo ena atabwera kudzafuna kalata yawo ndinawauza kuti foda ya mwini wakale tinaisamutsira kumalo abwino kwambiri, kutanthauza kuti ndinaifufuta kuti mulowe mafilimu a ku Nigeria.

"Mwanawe," anatero agogowo, "suja unati palibe chisinthe?"

"Agogo, lonjezo linali la uja anapita. Ine ndinagula kompyuta ndi denga."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi, anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, n'kutuluka. Mutu wanga ulipobe, koma makasitomala ndi amene anaduka. Patangopita nthawi pang'ono mnyamata wina anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi laputopu yobwereka, n'kulengeza kuti malonjezo onse a wa ku Joni awasunga iye. Mwana wa mlongo wanga atamva izi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti ku CentOS zinateronso. Gregory Kurtzer, mmodzi mwa amene anaiyambitsa, anayamba Rocky Linux, kampani ya CloudLinux inayamba AlmaLinux, ndipo anthu okhumudwa anasamukira kumeneko. "Amalume, inuyo ndinu IBM ya ku Zóbuè," anatero. Ndinamva kukoma pang'ono, sindibisa. Palibe anandifaniziraponso ndi kampani ya mabiliyoni.

Pali mbali ina imene sindiisekera. Mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize ukumbidwe, ambiri ku Cateme, ena kudera lotchedwa 25 de Setembro. Mu January 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'ambika ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Munthu wa kompyuta akakhumudwa amasintha sistema Loweruka limodzi. Wosamutsidwa pamunda wa makolo ake alibe kosinthira, ndipo mgodi ukagulitsidwa amatsala ndi funso la agogo aja, loti lonjezo linagulidwa limodzi ndi katundu kapena linakwera ndege ndi mwini wakale. Zoterezi ziyenera kulembedwa m'mapepala a malondawo, boma lili pomwepo ngati nkhoswe, chifukwa ndikudziwa bwino zimene wogula amachita akatsala yekha ndi kope la ndalama.

Mwana wa mlongo wanga uja akufuna andiikire Ubuntu, sistema ina ya mtundu wa Linux. Akuti ndi yaulere, imayenda pa kompyuta yotsokomola ngati yangayi, ndipo mtundu wake wa LTS umasamalidwa zaka zisanu. Kale ndikanangofunsa ngati imaimba nyimbo. Tsopano ndinafunsa mafunso a munthu wa ku Moatize: mwini wake ndani, ali ndi ngongole, ndipo alipo amene akumuzungulirazungulira ndi chikwama? Anati ndi kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Ndinati bwanji, wa ku Joni winanso? Anandilimbitsa mtima kuti ubwino wa Linux ndi woti mapulani ake onse ali poyera, eni akatembenuka ena amatola n'kupitiriza, monga anachitira wa pansi pa mango. Ndinavomera, koma ndamuuza kuti ayambe wakopera mafilimu anga pa diski ina, ndipo asachoke m'dziko muno popanda kundiuza.

Pomaliza, chidziwitso kwa makasitomala onse a nthawi ya mwini wakale. Thandizo laulere la nyimbo za kwaya ya mpingo wathu litha pa 31 December chaka chino. Kuyambira pa 1 January bwerani ndi mametikali 50, kapena makwacha pa reti ya tsikulo, ndipo fulashi yanu muyambe mwaichotsa mavairasi kwa wa pansi pa mango.