Mutu umodzi susenza denga, nanga mitu ya mukomiti?

Amene anapeka mwambi woti mutu umodzi susenza denga ankanena zomwe anaziona ndi maso. Kale denga la nyumba yozungulira ankalimangira pansi, mapaso, nsungwi ndi luzi zonse pabwalo. Likatha, mwini nyumba ankamema anzake. Ankalizungulira, n'kuwerama, wina n'kukuwa kuti "Tiyeni nalo!", denga n'kukwera pakhoma. Mpaka lero denga la nkhokwe limakwera chomwecho. Wofuna kuonetsa nyonga payekha ankathera kunsi kwa denga, miyendo yokha ikuphiriphitha panja, ana ali chikhakhali.

Nzeru imeneyi azungu nawo ali nayo. Ku America, m'tauni ya Americus m'chigawo cha Georgia, Millard Fuller ndi mkazi wake Linda anayambitsa bungwe la Habitat for Humanity mu 1976, ndipo mu 1986 linafika kuno ku Malawi. Kudzera m'bungweli, magulu a anthu ongodzipereka akhala akubwera kudzathandiza kumanga nyumba za ana amasiye ndi mabanja ovutika. Tikiti ya ndege amalipira okha, ya zipangizo amasonkhanso okha. Akafika amapatsirana njerwa ndi kukanya matope kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako ulendo wa kwawo, matuza ali m'manja. Woongola khoma amakhala mmisiri wathu wakonkuno, n'chifukwa chake nyumbazo zimaima. Anthu a m'mudzi amangoonerera chapatali, akunong'onezana kuti, "Kodi kwawoko matope kulibe?"

Nkhaniyi itafika pa Kandeu kudzera pa foni, inatilowa mumtima. Mnyamata wina wa kwaya anati tatopa n'kumangolandira alendo, ifenso tipite kunja tikamangire munthu nyumba, dziko lidziwe kuti kwa Ganya kuli anthu. Mwayi wake, kunja kwa munthu wa ku Ntcheu sikulira ndege. Pa Lizulu ukangodumpha msewu wa M1 kukagula kabichi, ndiye kuti wafika kale ku Mozambique, ndipo uli ndi ufulu wonse wouza anthu kuti unali kunja. Tinagwirizana zopita ku Angónia, m'chigawo cha Tete, kwa Angoni anzathu, komwe mmodzi wa ife ali ndi azakhali amene nyumba yawo inagwa ndi mvula.

Ntchito inayamba mwamphamvu. Tinatsegula gulu pa WhatsApp, ndipo mkangano woyamba unali wa dzina la gululo. Wachiwiri unali wa chithunzi choika pamwamba. Zitatha izi tinachita masankho: wapampando, wachiwiri wake, mlembi, wachiwiri wake, msungichuma, mlangizi, wofalitsa nkhani, wosungitsa mwambo, ndi woona za chakudya. Mpando womalizawu ndi umene unavuta, mpaka anthu ena anasiya kupatsana moni. Pomwe masankho ankatha, aliyense anali ndi udindo. Munthu mmodzi yekha ndi amene anatsala wopanda mpando, ndipo ndi iye yekha pakati pathu amene amadziwa kuyala njerwa. Ameneyu m'gulu la WhatsApp mulibemo, chifukwa ali ndi kafoni ka mabatani.

Kenako bajeti. Pamwamba penipeni panali matisheti, olembedwa kumsana ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUTU UMODZI SUSENZA DENGA. Amayi anati iwo afunikanso chitenje chofanana. Panabwera mbuzi, chifukwa wapampando ananenetsa kuti Mngoni sangakaonekere kudziko la eni ndi bonya. Panabwera zakumwa, minibasi, ndi mayunitsi a wofalitsa nkhani kuti zithunzi zizifika pa Facebook matope asanaume. Apa ndi pomwe mlangizi anakweza dzanja.

"Wapampando, ndifunse nawo. Alawansi ili pati?"

"Achimwene, iyi ndi ntchito yongodzipereka."

"N'zoona, wapampando, tikudzipereka. Koma tikudziperekera kunja."

Mfundo imeneyi inaombedwa m'manja. Chinatsala n'chakuti alawansiyo ikhale ya makwacha kapena ya metical, poti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale wogulitsa zitumbuwa ndi katswiri wa ndalama zakunja. Malata, misomali ndi simenti zinakumbukiridwa msonkhano ukutha, ndipo mlembi anazilemba pansi penipeni, pa "zina ndi zina".

Zosonkha tinati zizibwera pa Airtel Money ndi Mpamba. Uthenga utangotumizidwa, m'gulu munadzaza tizithunzi ta manja opemphera, ena ta mtima, ena ta moto. Msungichuma anadikira, foni ili zii. Potsiriza analemba kuti wayenda magolosale onse a pa Kandeu ndipo sanapeze yogulitsa misomali ndi manja opemphera. Achimwene athu a ku Joni analonjeza kuti atumiza mwezi ukatha. Mwezi wake sanautchule. Pakadali pano wosungitsa mwambo anali atayamba kale kutiphunzitsa Chipwitikizi cholankhula pachipata cha Biriwiri, ngakhale azakhali amene tikukawamangirawo amatukwana mbuzi zawo m'Chichewa chomwechi.

Tsiku lina tili pamsonkhano pansi pa mtengo wa mango, mvula inatipeza. Tinathamangira m'nyumba yapafupi, ya anganga ena okhala ndi zidzukulu. M'nyumbamo mvula inali ikugwa ngati panja pomwe. Pakona panali beseni, pakati ndowa, pafupi ndi mphasa mphika wa ndiwo, chilichonse chikulira mwa mtundu wake. Ife tinangosuntha mipando kufunafuna pouma, mlembi n'kubisa buku lake m'malaya, msonkhano n'kupitirira. Mutu wa zokambirana unali mtundu wa matisheti. Anganga anamvetsera mwachifatse, kenako anakhosomola.

"Ana anga, ku Mozambique kumeneko mukupita liti?"

"Mvula ikangotha, anganga."

"Chabwino. Mudzandiuze tsiku, ndidzasamutsire nyumbayi kutsidya kwa malire kuti mukaipeze."

Panali bata. Wapampando, munthu wodziwa kuyendetsa misonkhano, anayankha mwaulemu kuti, "Anganga, nkhani yanu tayimva, ilowa mu zina ndi zina."

Apa ndi pomwe mwambi uja watisokoneza ife a masiku ano. Tinaumva kuti mitu ikachuluka denga limakwera, ndiye tinayamba kusonkhanitsa mitu. Koma makolo powerenga mitu ankawerenga yowerama. Pa dima panalibe wapampando kapena wachiwiri wake. Mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, aliyense n'kubwera ndi khasu lake, ndipo chikho chinkayenda ntchito itaoneka. Ife chikho tachiika pamzere woyamba wa bajeti, khasu talisiyira komiti yapadera imene idzasankhidwe mtsogolo.

Ulendo wokamangira anthu akutali si woipa ayi. Jimmy Carter, amene anali mtsogoleri wa dziko la America kuyambira 1977 mpaka 1981, anayamba kumanga nyumba ndi Habitat for Humanity mu 1984, ndipo mu 2002 anafika ndi gulu lake ku Durban, ku South Africa. Mu Okutobala 2019, ali ndi zaka 95, anagwa kunyumba kwake, achipatala n'kumusoka pamwamba pa diso, koma anakafikabe pamalo omangira nyumba ku Nashville, diso lili bii, n'kugwira ntchito. Wapampando wathu, wazaka zosakwana theka la zimenezo, anatiuziratu kuti iye ali ndi vuto la msana, adzangoyang'anira. Kusiyana kwake n'kwakuti Carter ankamanga kwawo ndi kunja komwe, pomwe ife chifundo chathu chimadzuka chikamva fungo la ulendo.

Ndipo osowa denga sitingawasowe. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, konse kofikika popanda chiphaso. Pafupi kuposa pamenepo pali anganga aja, amene nyumba yawo ikungofuna mitolo ingapo ya udzu, pepala la pulasitiki, luzi, ndi anyamata awiri osaopa kukwera pamwamba.

Ku Angónia tipite ndithu, azakhali akudikira. Koma ine ndikupereka ganizo ili, mlembi alembe pamwamba, osati mu zina ndi zina. Loweruka likubwerali tikumane kwa anganga m'mamawa, aliyense ndi mtolo wake wa udzu pamutu, mafoni asiyidwe m'lichero pakhonde. Mmisiri uja wa kafoni ka mabatani wina akamuuze pakamwa, ndipo tsiku limenelo wolamula ndi iyeyo. Amene adzatuluke thukuta ndiye adzapeze mpando m'minibasi ndi nthuli ya mbuzi. Inu amene msana umakuvutani pakangotchulidwa ntchito, khalani pakhomo, zithunzi tidzakutumizirani.